Alangizi a zandalama, tsegulani peji yanuyanu

Anzanga amene mumalangiza anthu pa nkhani za ndalama, kaya ndi inshuwalansi, penshoni kapena masheya a pa Malawi Stock Exchange, chonde bizinesi isamayendere pa akaunti yanu ija ya zithunzi za ukwati ndi zinkhoswe. Tsegulani peji ya bizinesi pa Facebook, ndi yaulere, komanso akaunti wamba imathera pa anzanu 5,000 basi pomwe peji okutsatirani alibe malire.

Chimene chimandiwawa ine nchakuti anthu athu anaberedwa kale ndi aja omati ikani ndalama lero sabata yamawa mutenga kawiri, ndiye munthu akangoona peji ya zandalama amayamba wakayika kaye, ndipo sakulakwa ayi. Nchifukwa chake pa About paja, pomwe mumafotokoza za bizinesi yanu, lembani dzina lenileni la kampani, komwe kuli ofesi, nambala ya WhatsApp Business, ndipo ngati muli ndi laisensi yochokera ku Reserve Bank of Malawi itchuleni poyera anthu akathe kufufuza okha.

Zolemba zikhale za Chichewa chomveka, amayi a banki m'khonde amve kusiyana kwa katapila ndi ngongole ya ku banki, achinyamata adziwe kuti Treasury bills, njira ija yobwereketsa boma ndalama kwa nthawi yochepa, nchiyani. Mavidiyo akhale afupiafupi, bandulo ndi yodula. Musalonjeze phindu, masheya amakwera komanso amatsika. Nkhani za kasitomala wanu musaziike pa peji iye asanavomere, ndipo mulembe pamwamba penipeni kuti inu simufunsa PIN ya Mpamba kapena Airtel Money mu inbox, chifukwa akuba amatsegula mapeji abodza m'dzina lanu lomwelo. Two-factor authentication, chitetezo chija chofunsa nambala ina yachinsinsi kuwonjezera pa password polowa mu akaunti, muyatsenso tsiku lomwe mwatsegula pejilo.