Mafayilo olemera mu Git titasamutsa repo, zomwe ndaphunzira sabata ino

Gulu lathu kuno ku Thyolo tili ndi pulojekiti ya zithunzi za masamba a tiyi, timajambula m'minda ya alimi ang'onoang'ono kuti kompyuta iphunzire kuzindikira tsamba lodwala. Sabata ino repo yathu, nkhokwe ya mafayilo a pulojekitiyi mu Git (pulogalamu yosunga mbiri ya zosintha zonse pa mafayilo), tinaisamutsira ku format yatsopano ya SHA-256, ija Git inayamba kuilola mu 2020 pa version 2.29, ndiye ambiri timayembekezera kuti ipepukako. Ayi ndithu, kulemera komweko.

Chomwe ndamvetsa nchakuti SHA-256 imangosintha mayina omwe Git imapereka ku zinthu zake, dzinalo, lotchedwa hash, limatalika kuchoka pa zilembo 40 kufika 64 basi, koma zithunzi zomwe munthu anaika mu commit (zosintha zomwe zasungidwa mu Git) ya kalekale zikadali mu history ngakhale munazifufuta mu foda, ndipo aliyense wopanga clone (kukopera repo pa kompyuta yake) amazikoka zonse, bandulo nkutheratu ntchito isanayambe nkomwe. Komanso laputopu ya mnzathu wina ili ndi Git yakale inakaniratu repo yo, titatsegula .git/config tinapeza repositoryformatversion = 1 ndi objectformat = sha256, Git yakaleyo siizidziwa zimenezi ndiye imakana dala kuopa kuononga.

Chothandiza ndi Git LFS, chida chowonjezera pa Git chosungira mafayilo olemera, inatuluka 2015. Chithunzi chenicheni chimakakhala pa seva, mu repo mumangotsala kafayilo ka mizere itatu, version, oid (hash ya chithunzicho) ndi size. Ndinakatsegula kamodzi ndi maso angawa, kachinthu kosakwana 1 KB kakuimira chithunzi chonse, zinandisangalatsa zedi.

Koma apa mpofunika kusamala anzanga. git lfs track "*.jpg" imangolemba mu fayilo ya .gitattributes kuti zithunzi zomwe muikemo kuyambira pano zizipita ku LFS, za mu ma commit akale siizikhudza. Zakalezo zimafuna git lfs migrate import, ndipo iyi imalembanso history, ma hash amasintha, aliyense ayenera kupanganso clone. Nchifukwa chake ine ndikuona kuti gulu likafuna kusintha format liyambe lachotsa zolemerazo ndi migrate kenako lisamuke tsiku lomwelo, anthu akoke kamodzi osati kawiri, netiweki yathu ino mvula ikamagwa mukuidziwa.

Panopa tikamapanga clone tikumaika GIT_LFS_SKIP_SMUDGE=1 kutsogolo kuti kubwere timafayilo tolozerato tokha, kenako git lfs pull --include pa foda yokhayo yomwe munthu akugwirapo ntchito tsikulo.