Za dzino langa ku Chintheche, imveni kwa mwini wake

Poti alamu anga aja ayamba kale kufalitsa nkhani ya dzino langa ndipo enanu mwayamba kundiimbira foni kumangoseka osalankhula kanthu, bola ndifotokoze ndekha. Choyamba, bakha sanameze dzino. Amene akukuuzani kuti tinapha bakha nkumung'amba pamimba ndi wabodza, bakha uja ali moyo ndipo ndamva kuti waswa ana. Chachiwiri sindinakomoke ayi. Ndinangokhala pansi mofulumirirapo.

Nde tafika ku Chintheche kuja, kwawo kwa madamu, kudzakambirana za ukwati, ine, atsibweni anga a ku Dedza ndi ankhoswe, thukuta lili kamukamu. Atsibweni anayamba kudandaula tili pa Salima, pofika pa Dwangwa nkuti atandiwerengera atsikana onse a ku Linthipe omwe ndinawasiya. Akuti kwathu mwamuna umangonyamuka ndi khasu lako kukakhala chikamwini, pachinkhoswe tambala mmodzi, nkhani yatha, nanga iwe chakutuma nchiyani kukafuna mkazi wolowola kunyanja? Ine phee, chifukwa ndalama ya thiransipoti yawo ndinalipira ndine ndipo sindimafuna atsikire panjira.

Za Atonga ndi suti si nthabwala akuluakulu. Okutobala, dzuwa loti nkhuku zikuyenda kukamwa kuli yasaa, amalume ake a madamu anatilandira atavala suti ya zidutswa zitatu, tayi, kampango pathumba, nsapato ikuwala. Munthu wamkulu, anagwirako ku migodi ya ku Joni nthawi ya Teba, ndipo amayankhula pang'onopang'ono kuti liwu lililonse likupweteke palokha. Ine ndili mu jekete yobwereka yomwe manja ake amathera pakati pa mkono.

Zokambirana zinayamba bwino, kenako anati tiyambe tadya. Kunabwera batala wootcha, chigwada chotendera, ndi mwini filimu, kondowole.

Madamu anandichenjeza, izi sindikana. Anati "kondowole satafuna, umangotema kambamu kakang'ono, kuviika mu msuzi, nkumeza." Ndinamva. Koma mundimvetse, khosi langa linakulira ufa woyera ndi mbatata ya kachewere, sililola chinthu kudutsa mano asanasainire. Ndipo kondowole si nsima yoti ungayipeputse. Chinangwa chija amachiviika m'madzi masiku angapo kuti kuwawa kuchoke, kuchiyanika, kusinja, ndiye pophika mayi amachita kupana poto ndi mapazi nkumakoka mthiko ndi manja onse awiri. Chinthu choti chagonjetsa mthiko, ine ndi ndani?

Tsopano pali nkhani ina yomwe ambirinu simumaidziwa. Dzino langa lakutsogolo lakumwambali si langa. Langa lenileni linatsala pa msewu ku Mchesi tsiku lomwe wakabaza wina anaganiza zopikisana ndi minibasi. Ili ndi loyikirira, lili pa kapuleti kapulasitiki komwe kamangogwira m'kamwa chakumwambaku. Madamu samadziwa. Ndipo musayambe zoti ndinabisa, sindinabise, sanandifunse. Pachibwenzi anthu amafunsana za mpingo, za ntchito, ngati uli ndi mwana kwina, palibe amafunsa kuti mano onsewa ndi anu?

Nde ndatema mbamu. Yayikulu, chifukwa ndimafuna aone kuti mkamwini si wamanyazi pa chakudya chakwawo. Itafika pakamwa ndinaona kuti yonse silowa, ndiye ndinachita zomwe munthu aliyense wa ku Dedza akanachita. Ndinaluma pakati.

Dzanja likubwerera, kondowole anatamuka ngati mphira ya legeni, uku ali kukamwa uku ali kudzanja, osaduka. Ndikukoka, iye akubwera. Ndikukokabe, akubwerabe. Kenako ndinangomva kuti thoo, kamphepo kozizira kakulowa malo oti sikamalowa.

Ndinayang'ana m'dzanja. Dzino lili njoo pamwamba pa mbamu, loyera bwino, likundiyang'ana. Abale anga, ine ndi dzino lija tinayang'anizana nthawi yaitali. Ndinaganiza za moyo wanga wonse. Ndinaganiza za wakabaza uja, kuti kaya ali kuti, kaya akudya bwino ndi mano ake onse. Ndinaganiza zothamangira kunyanja nkusambira mpaka ku Likoma, vuto ndi loti kusambira sinditha, kwathu madzi akuya kwambiri ndi a m'chitsime. Ndinaganizanso zongomeza zonse, mbamu ndi dzino lomwe, poti ndi mmene amadyera kuno, koma ndinakumbukira mtengo wake ndipo mtima unakana.

Ndinafumbata dzanja.

Ndiye taonani mmene zinthu zinalili. Dzanja lamanja, lodyera, lafumbata kondowole ndi dzino. Pakamwa pali theka lina la mbamu lomwe lamatirira kumwamba, silikutsika silikutuluka. Milomo ndatseka kuti geti lisaoneke. Nthawi yomweyo ndi yomwe amalume anasankha kuti adziwane nane.

"Akamwini, ntchito mumagwira kuti?"

"Mmm."

"Mwati?"

"Mmm-mm." Uku ndikugwedeza mutu mwaulemu kwambiri, maso pansi.

Amalume anatembenukira kwa atsibweni. "Mwana wanuyu ndi waulemu. Achinyamata a masiku ano amalongolola pa chakudya." Atsibweni anavomera kuti eee tinamulera bwino, uku akundiponda phazi pansi pa tebulo kuti iwe yankhula. Iwotu kondowole ankangomeza bwinobwino, munthu yemwe njira yonse amanyoza zakunyanja, anali pa mtanda wachiwiri.

Ndinayesa mapulani. Ndinanamizira kutsokomola nkubweretsa chibakera kukamwa kuti ndilibwezeretse mwakachetechete. Linalowa, koma chagada, komanso ndi kondowole yemwe, moti mlomo wakumwamba unatukuka ndipo mlamu wanga wamng'ono yemwe anakhala moyang'anizana nane anasiya kutafuna batala nkumangondiyang'ana. Ndinatsokomolanso kulibweza m'dzanja. Amayi ena anatumiza madzi akumwa poganiza kuti ndatsamwa ndi munga wa nsomba. Kumwa madzi pamafunika kutsegula pakamwa. Ndinangonyowetsa milomo nkubweza kapu.

Mpaka apa ndinali ndikuwina, ndikuuzeni. Palibe anali ndi umboni. Chinandigwetsa ndi ulemu wa pakhomopo. Kanabwera kamtsikana ndi beseni ndi jagi, kugwada patsogolo panga kuti ndisambe m'manja, poti mlendo ndiye amayamba. Ndinapereka dzanja lamanzere. Kanadikira. Ndinasambitsa chibakera chofumbata, kunja kokha. Kanadikirabe, jagi ili m'mwamba, ndipo anthu onse tsopano akuyang'ana chibakera changa. Madzi aja analowa pakati pa zala, kondowole anaterera, ndipo beseni linali lachitsulo.

Ngwee.

Phokoso lija ndikukhulupirira linamveka mpaka ku Bandawe. Kamtsikana kanasuzumira m'beseni, kanandiyang'ana, ine mwangozi ndinamwetulira kuti ndikalimbitse mtima, ndipo ndi pomwe kanakuwa nkutaya beseni lonse pakhomo nkuthawira kuseri kukuitana amayi ake m'Chitonga. Madzi uko, dzino uko. Abakha omwe amadikirira nyenyeswa panja anafika pompo.

Apa ndi pomwe nkhani ya bakha imachokera. Inde analitola. Inde anathamanga nalo. Inde ankhoswe anga, munthu wolemekezeka, mkulu wa mpingo, anamuthamangitsa kuzungulira khitchini atakwinya thalauza, alamu anga awiri akutchinga mbali inayo, agalu nawo alowerera osadziwa nkomwe kuti nkhani ndi yotani. Koma bakha analilavula yekha pafupi ndi mtondo ataona kuti silikudyeka. Analawa chabe. Kulawa ndi kumeza ndi zosiyana, ndipo ndikupempha alamu anga akonze mbali imeneyi.

Amalume sanaseke. Bola akanaseka. Anatulutsa kampango kaja ka pathumba, analandira dzino, kulipukuta bwinobwino mbali zonse, nkundipatsa ndi manja awiri. Kenako anakhala pansi, kukonza tayi.

"Akamwini, tisanapitirire. Chiliponso china chomwe chimachoka? Mutiuziretu pano ankhoswe ali pompano, tisadzamve mwana wathu akukuwa usiku."

Ndinati palibe. Kungoti popanda dzino lija mawu amatuluka ndi kamluzu, ndiye ngakhale ine sindinadzikhulupirire.

Pa nkhani ya malowolo ndiye anandimaliza. Ankhoswe atapempha kuti atichotsereko, amalume anati mwana wawo akuchoka pakhomo ndi mano 32, onse ake, omera okha, ndiye sakuona chifukwa chotsitsira mtengo kwa anthu omwe abweretsa katundu wosakwana. Ndimayembekeza kuti atsibweni anditeteza. Iwo anangoti "apa ndiye anena zoona," nkufunsa ngati kondowole watsalako woti anyamule.

Madamu sanandiyankhule mpaka pa Nkhotakota. Atayankhula, funso lawo linali loti tsiku lija ndinakana chimanga chootcha ku Area 25 ndikunena kuti ndili pa kusala kudya, kunali kusala kudya kapena dzino? Ndinati zonse ziwiri. Ndipo mwa njira ina zinali zoona, chifukwa munthu ukakana chakudya wasala basi.

Ukwati unachitika, enanu munavina nawo ndipo munaona kuti pa zithunzi zonse ndatseka pakamwa, tsopano mwadziwa. Kondowole ndimadya, ndimayamba ndachotsa dzino nkuliika m'thumba la shati. Amalume akaimba foni amapereka moni kwa madamu, kwa ine, kenako amafunsa ngati "mnzathu uja" ali bwino. Malowolo sindinamalizebe, yatsala pang'ono, mwina mwezi wamawa zikayenda. Amene akudziwa kokonzetsa kapuleti motchipa andiuze ku inbox, kayamba kugwedera kuchokera tsiku la bakha lija.