Mbiri ya moyo wanga, gawo 9: Mapazi a mkeyala

Mu gawo lapitali ndinakusiyani ndili pa basi, jumbo ya zovala ili pamiyendo, ndikupita kukakhala ndi azakhali ku Chinamwali njala ya 2002 itatibalalitsa pakhomo. Lero mundilole ndibwerere m'mbuyo pang'ono, chifukwa zimene zinandichitikira ku Zomba simungazimvetse ndisanakuuzeni za agogo anga aamuna, bambo awo a amayi.

Mudzi wonse unkawatchula kuti a Keyala. Ine ndinakula ndikuyesa kuti ndi dzina lawo lenileni. Ndinadzamva ndili sitandade 6 kuti Keyala ndi KAR, King's African Rifles, asilikali a nthawi ya atsamunda dziko lino likadali Nyasaland. Agogo anapita ku nkhondo yachiwiri ya padziko lonse ali mnyamata wosakwatira. Anabwerako ndi thilanki yachitsulo, jombo ziwiri, ndi khalidwe lodzuka tambala asanalire n'kumasesa bwalo losesedwa kale.

Za nkhondoyo sankakamba. Koma mvula ikachezera usiku wonse ankabwebweta kutulo, kukuwa mawu achizungu a pa perete, mpaka anganga kuwagwedeza. M'mawa ife ana tinkatola mapesi, kuwakoleka paphewa ngati mfuti, n'kumaguba pambuyo pawo tikuti lefiti, laiti. Iwo ankangoseka, nthawi zina kutembenuka n'kutichitira sawatcha.

Chimene sindinkachifuna pa agogo anali mapazi awo. Zikhadabo zinali zokhuthala, zakuda, zopindika ngati nyanga za nkhosa. Kuzidendene kunali ming'alu yolowa tambala wachitsulo, ndipo pakati pa zala panali poyera nthawi zonse ngati munthu amene watandala m'madzi. Anganga ndi amene ankawawenga ndi lezala. Anganga atamwalira, maso a agogo nawo atachita ng'ala, ntchitoyo inasowa mwini. Ankandiitana ali pakhonde:

"Mkazi wanga, tabwera ndi lezala undiwenge zikhadabozi."

"Agogo, amayi andituma kumjigo."

Tsiku lina kumjigo, tsiku lina kuchigayo, tsiku lina homuweki. Ankadziwa kuti ndikunama. Ankangoti, "Chabwino, ukabwerako." Anamwalira mu 1999 nyengo yachisanu. Tsiku lomaliza limene ndinawaona ali moyo anagona pamphasa, bulangete lili lalifupi, mapazi ali kunja. Zikhadabo zinali zitayamba kulowa m'mnofu. Nkhaniyi nthawi imeneyo sindinauze munthu, ngakhale amayi.

Ku Zomba ndinayamba kupemphera ku CCAP pamodzi ndi azakhali, n'kulowa gulu la achinyamata. Ndinene zoona, chimene chinandikoka chinali kwaya ndi anzanga, osati uzimu ayi. Mu Novembala 2003 abusa analengeza kuti Lamulungu lachiwiri la mweziwo ndi tsiku lokumbukira asilikali amene anafera ku nkhondo, ndipo ofuna angathe kukaonerera mwambo pa chipilala cha KAR, pafupi ndi Cobbe Barracks. Chipilalacho ndinkachidutsa kawirikawiri pa minibasi osachilabadira. Tsikulo ndi pamene ndinadziwa kuti chinamangidwa pokumbukira asilikali a nkhondo yoyamba ya padziko lonse, imene inafika mpaka ku Karonga mu Seputembala 1914.

Anthu anali atavala timaluwa tofiira tapepala pachifuwa. Kutsogolo kunakhala madala angapo, majekete akuwakulira, mamendulo ali ngwe. Itakwana 11 koloko lipenga linalira, ndipo aliyense anakhala chete mphindi ziwiri, pokumbukira ola limene mfuti zinaleka kulira pa 11 Novembala 1918. Mdala wina amene anabwera naye chomugwiriza anakana kukhala pampando. Anaimirira yekha, miyendo ikunjenjemera, dzanja lili pachipumi mpaka lipenga lachiwiri. Kenako akuluakulu anaika nkhata za maluwa, magalimoto n'kuyamba kutuluka.

Tikubwerera, mayi wina wa Mvano, wamfupi koma wa mawu, anatiimitsa pamsewu. "Ana inu, maluwa awo pofika Lachitatu adzakhala atafota. Loweruka mubwere ndi mabeseni." Sanatifunse ngati tili ndi mpata.

Loweruka tinapita ku nyumba zimene asilikali okalamba ankakhala. Amayi a Mvano anasonkha sopo, shuga, mchere ndi mafuta odzola. Mkulu wa mpingo anawerenga Yohane 13, pamene Ambuye Yesu anavula malaya, n'kumanga nsalu m'chiuno kusambitsa mapazi a ophunzira ake. Ine ndimeyi ndinali nditaimva kambirimbiri, ndipo m'mutu mwanga mapazi a Petulo anali osalala ngati a pa chithunzi cha Sande sukulu. Anyamata anatenga zikwanje kukatchetcha udzu. Ine ndinathamangira mulu wa mabulangete, ndikudziwa kuti kuchapa kundibisa kuseri kwa nyumba. Mayi uja anandipeza komweko, n'kundipatsa beseni la madzi ofunda ndi lezala yatsopano.

"Zochapa zili ndi eni ake. Iwe pita ukawasamale agogo ako ali pakhondewo."

Anali mdala uja amene anakana mpando. Ndinagwada, ndinawapatsa moni, n'kuwavula nsapato zansalu. Nditaona mapaziwo mtima unagunda. Zikhadabo zomwe zija. Kuyera komwe kuja pakati pa zala.

"Ukunyansidwa, mwanawe?"

"Ayi, agogo."

"Usanamize nkhalamba. Mapazi awa anyansa anthu kuyambira 1944. Anawolera ku Burma."

Ndinawaviika mapaziwo m'madzi kuti zikhadabo zifewe, ndipo iwo anayamba kufotokoza ngati akuuza beseni, osati ine. Anakwera sitima yapamadzi ku Mombasa, munthu amene madzi aakulu ankadziwa a nyanja ya Chilwa basi. Anakatsikira ku Ceylon, kumene masiku ano amati Sri Lanka, kukaphunzira kumenya nkhondo m'nkhalango. Kuchoka uko anawatengera ku Burma kukakumana ndi asilikali a Japan m'chigwa cha Kabaw, mvula ili pachimake. "Mvula ya kuno ndi masewera," anatero. Jombo sizinkauma. Munthu unkagona nazo, kudzuka nazo, sabata kutha osavula, chifukwa ukavula phazi limatupa osalowanso. Tsiku lovulalo khungu linkatsalira mu sokosi. Misundu inkalowera m'mabowo a zingwe, ndipo ankaichotsa poitentha ndi ndudu. Malungo ndi kamwazi zinagwetsa anthu amene chipolopolo chinawaphonya. Odwala ankawanyamula pa machira a nsungwi m'matope ofika m'mawondo, mpaka anakafika pa mtsinje wa Chindwin chaka chikupita kumapeto.

Ine ndinkawenga pang'onopang'ono, mutu uli pansi kuti asaone kuti misozi ikugwera m'beseni. Zaka zonse zija ndinkayesa kuti agogo anga anali auve.

Ndinawafunsa funso lachibwana. "Ndiye munkamenyera chiyani kutali konseko?"

Anaseka mpaka kutsokomola. "Ankati tikumenyera Mfumu George. Ine Mfumu George ndinangomuona pa ndalama. Amene ndinkamenyera ndi mnzanga wa kumanzere kwanga, kuti nayenso akaone amake." Anakhala chete pang'ono. "Sanakawaone. Ine ndinabwerako, osati chifukwa cha nzeru. Salimo 91 ndinailoweza m'dzenje, madzi ali m'chiuno. Mpaka lero ndikadzuka ndimati zikomo Ambuye, kenako ndimatchula dzina lake."

Pano ndiime kaye. Ndikamakamba nkhaniyi pali anzanga ophunzira amene amati, n'kulemekezeranji anthu amene anakamenyera atsamunda? Funsolo silachabe. Mbusa John Chilembwe, amene nkhope yake tinaiika pa ndalama zathu, analemba kalata mu 1914 kudandaula kuti anthu osauka a dziko lino akukafera nkhondo imene si yawo, n'kusiya akazi amasiye ndi ana. Ankanena zoona. Koma mlandu umenewo ndi wa amene anatuma, osati wa mnyamata wa zaka 19 amene analembedwa usilikali msonkho ukumuvuta kwawo. Ndipo amene amafunsa funsoli sindinawaonepo atagwira beseni. Mwina ndalankhula mopsa mtima, koma ndi mmene ndimaonera.

Nditamaliza ndinawapukuta ndi chitenje changa, n'kuwadzoza mafuta mpaka m'ming'alu. Anagwedeza zala ngati mwana amene wavala nsapato zatsopano. Apo m'pamene ndinaulula. Ndinawauza za agogo anga, za kumjigo, za bulangete lalifupi lija, zonse. Ndinkadikira kuti andidzudzula, ndipo mwina ndinkafuna kuti atero.

"Anali wa bataliyoni iti?" Limenelo ndilo linali funso lawo.

"Sindikudziwa, agogo."

"Nambala yake?"

Ndinapukusa mutu. Iwo anawongola msana n'kutchula nambala yawo yonse mosadodoma, munthu amene mphindi zingapo zapitazo anaiwala dzina langa kawiri. "Msilikali amaiwala dzina la mkazi wake koma nambala ayi. Ukafufuze. Mwina tinagona dzenje limodzi." Kenako anaika dzanja pamutu panga n'kupemphera. Ife ndi amene tinabwera kudzawapempherera, koma pemphero la tsikulo limene ndimalikumbukira ndi lawolo. Sanatchule za kulakwa kwanga. Anathokoza Mulungu chifukwa cha madzi ofunda, chifukwa cha lezala, ndi chifukwa cha mkeyala mnzawo amene anasiya mdzukulu.

Kuyambira pamenepo ndinkapitako Loweruka loyamba la mwezi uliwonse, nthawi zina ndi gulu, nthawi zambiri ndekha. Pa phindu la mandasi amene ndinkagulitsira azakhali ndinkapatulapo ya lezala ndi sopo mmodzi. Azakhali atazindikira sanakalipe. Anangoyamba kundiikira mandasi anayi m'pepala, ati ndikawapatse agogo ako.

Khirisimasi ya chaka chimenecho ndinapita kumudzi ndi chinthu chimodzi m'mutu. Ndisanamwe n'komwe madzi ndinafunsa amayi za thilanki ya agogo. Anandiyang'ana modabwa, n'kundilozera kunyumba kwa amalume. Ndinakaipeza kuchipinda, itachita dzimbiri, pamwamba atasanjikapo thumba la mbewu ya mtedza, ili ndi loko. Amalume anali atapita ku Joni, ndipo kiyi palibe amene ankadziwa kumene ali. Mchimwene wanga wamng'ono anathamangira kukabwereka nyundo. Zimene tinapezamo ndikuuzani mu gawo 10.