Mbiri ya Moyo Wanga, Gawo 14: Mmene Tinasinthira Zipangizo Zokonzera Maphunziro

M'gawo lapitalo ndinafotokoza mmene ine ndi aphunzitsi anzanga ochepa tinayambira tsamba la pa intaneti loikapo maphunziro aulere a masamu ndi sayansi, pofuna kuthandiza ana a m'sukulu za sekondale zoyendera ku Makanjira, Namwera, Nankumba ndi madera ena a boma la Mangochi kumene mabuku okonzekerera mayeso a MSCE ndi osowa. Ntchitoyi sitinaiyambe kuti tipezepo phindu, ndipo mpaka lero palibe amene amalandirapo malipiro. Tsopano ndafika pa zaka zimene zipangizo zathu zinakalamba ntchito ikadali yambiri.

Chida chathu chachikulu chinali laputopu imodzi yogwiritsidwapo kale ntchito imene ndinaigula ku Limbe, yokhala ndi Windows 7 ndi RAM (malo amene kompyuta imasungamo zimene ikugwirapo ntchito nthawi imeneyo) ya 4 GB. Pa laputopu imeneyi ndi pamene tinkadulira mawu ojambulidwa, kulumikiza makanema ndi kukonza zithunzi zonse za maphunziro. Amene anakhalapo ku Mangochi mwezi wa Okutobala akudziwa kutentha kwake. Ndikaiuza kuti isonkhanitse kanema wa phunziro limodzi, kachipangizo kokupiza mphepo m'kati mwake kankalira ngati chigayo, ndipo kawirikawiri makinawo ankazima okha ntchito ili pakati. Ndinkaikhazika pa njerwa ziwiri kuti mpweya uzidutsa kunsi kwake, ndipo ntchito yolemera ndinkaigwira mbandakucha, asanaitanire mapemphero ku mzikiti wapafupi, pamene kamphepo kochokera ku mtsinje wa Shire kamakhala kakuwomba.

Pa 14 Januwale 2020, Microsoft inasiya kutumiza zokonza za chitetezo za Windows 7, koma ife tinapitiriza chifukwa makinawo ankayakabe. Chimene chinatigwedeza kwenikweni ndi kutha kwa Flash, pulogalamu ya kampani ya Adobe imene inkaonetsa zojambula zoyenda pa masamba a intaneti. Adobe inali italengeza kale mu 2017 kuti Flash idzatha kumapeto kwa 2020, ndipo kuyambira pa 12 Januwale 2021 zinthu zopangidwa ndi Flash zinaleka kutseguka. Mafunso athu odziyesera, komanso zojambula zimene mwana ankatha kukoka mzere n'kuona mmene gradient ikusinthira, zonse zinali za Flash. Mtsikana wina wa Fomu 4 ananditumizira uthenga wakuti, "Aphunzitsi, pa mutu wa ma vector pakungooneka malo opanda kanthu, kodi mwachotsa?" Zimene ankafunazo tinali nazo ndithu, koma zinali zitatsekeredwa mu mtundu wa fayilo umene foni ndi kompyuta za masiku amenewo sizinkauwerenganso.

Mu Januwale 2022 namondwe Ana anawononga malo opangira magetsi a Kapichira, ndipo dziko linataya pafupifupi ma megawati 130. Batire ya laputopu yathu inali itafa kale, choncho magetsi akangothima makina ankazima nthawi yomweyo. Patapita miyezi ingapo hard disk inayamba kumveka kugogoda ikamayaka. Usiku umene ndinamva kugogodako sindinagone mpaka nditakopera mafayilo onse pa hard disk ina yobwereka, chifukwa m'menemo munali mawu a mnzathu wina wophunzitsa Biology amene anatisiya, ndipo mawu amenewo sitikanawajambulanso.

Ndalama zogulira kompyuta ina zinabwera pang'onopang'ono kuchokera kwa ophunzira athu akale amene tsopano ali pa ntchito ku Lilongwe, Blantyre ndi Johannesburg. Titatsala pang'ono kukwanitsa mtengo umene tinauzidwa, mu Novembala 2023 mphamvu ya kwacha inatsitsidwa ndi 44 peresenti, ndipo mitengo ya zipangizo zochokera kunja inakwera nthawi yomweyo. Apa ndi pamene mnyamata wina amene ndinamuphunzitsa masamu, yemwe tsopano amakonza makompyuta pa Boma, anatithandiza maganizo. Iye anati, "Aphunzitsi, musathamangire yatsopano ya m'katoni. Gulani yolimba imene inagwirapo ntchito mu ofesi, ine ndiikemo SSD ndi kuwonjezera RAM ifike 16 GB, ndalama yotsalayo mugule sola ndi batire." Anandifotokozera kuti hard disk yakale ili ndi mbale zozungulira ndi kamkono kowerenga, zimene zimawonongeka magetsi akamathima mwadzidzidzi, pamene SSD ilibe chilichonse choyenda m'kati ndipo imawerenga mafayilo mofulumira kwambiri. Tinatsatira malangizo akewo, ndipo ndimaona kuti sola ija inatipindulira kuposa kompyuta yeniyeniyo, popeza makina othamanga opanda magetsi sakonza phunziro ngakhale limodzi.

Nkhani ya mapulogalamu ndi imene inatitengera nthawi yaitali kukambirana. Kuyambira 2013 mapulogalamu atsopano a Adobe okonzera makanema ndi zithunzi amalipiridwa mwezi ndi mwezi kapena chaka ndi chaka, ndipo kwa gulu longa lathu, lodalira zopereka za kwacha pa nthawi imene ndalama zakunja zikusowa m'dziko, kulonjeza kulipira madola kosalekeza kukanakhala kudzimangirira. Panalinso ena amene anati tingoikamo mapulogalamu okopera mwachinyengo monga amachitira ambiri, koma ine ndinakana, chifukwa sitingamaphunzitse ana kukhulupirika pa mayeso tikugwiritsa ntchito zinthu zakuba, ndiponso mapulogalamu otere amabwera ndi mavairasi. Tinkadziwanso kuti Windows 10 idzasiya kulandira zokonza pa 14 Okutobala 2025, ndi kuti Windows 11 imafuna kachipangizo ka chitetezo kotchedwa TPM 2.0 ndi purosesa yatsopanoko. Pamapeto pake tinasankha Linux Mint m'malo mwa Windows, ndipo tinaikamo Kdenlive yokonzera makanema, Audacity ya mawu, GIMP ndi Inkscape za zithunzi, ndi LibreOffice yolembera, zonsezi zaulere ndiponso zololedwa.

Sindinganene kuti kusinthaku kunali kophweka. Mayi wina wa m'gulu lathu, amene manja ake anazolowera pulogalamu yakale, anakhala milungu ingapo akudandaula kuti chilichonse chili pamalo ena, ndipo dandaulo lakelo linali loona. Mafayilo a ntchito zosamaliza a pulogalamu yakale sankatseguka mu Kdenlive, kotero maphunziro ofunika kukonzedwa tinawadula kuchokera ku makanema omalizidwa kale, ena n'kuwajambula mwatsopano. Zojambula za Flash tinazipanganso chimodzichimodzi mu GeoGebra, pulogalamu ya masamu imene imatseguka pa foni popanda kuikamo china chilichonse. Ntchito imeneyi inali yotopetsa, koma inatipatsa mpata wowerenganso funso lililonse ndi kuliyerekeza ndi silabasi imene ana akuphunzira panopa. Kuyambira pamenepo tinagwirizana kuti phunziro lililonse lizisungidwa pamodzi ndi mawu ake osadulidwa, zithunzi zake ndi zolemba zake, m'malo awiri osiyana, m'mitundu ya mafayilo imene pulogalamu iliyonse ingatsegule.

Yesero lalikulu linabwera makina atayamba kugwira bwino ntchito. Mnyamata wokonza makompyuta uja anakonza phunziro la ma circle theorem mu 1080p, mlingo wa kanema wooneka bwino kwambiri koma wolemera, lowala ndi lokongola, ndipo tonse tinasangalala kuliona pa kompyuta. Koma nditapita ku Namwera ndinapempha mnyamata wina wa Fomu 3 kuti alitsegule pa foni ya mlongo wake. Kanemayo ankangoimaima, ndipo bandulo imene mlongoyo anagula kuti imukwanire masiku angapo inatha phunziro lisanafike pakati. Mwanayo sanadandaule, anangondibwezera foniyo mwaulemu n'kunena kuti akawerenga m'kope. Titabwerera tinagwirizana kuti makanema onse azituluka mu mlingo wopepuka wa 480p ngati mafayilo a MP4, manambala azilembedwa akuluakulu kuti aoneke pa foni yaing'ono, ndipo phunziro lililonse lizikhalanso ndi mawu okhaokha komanso PDF yopepuka imene ana angatumizirane pa WhatsApp kapena pa Bluetooth. Mnyamata wokonza makompyuta uja poyamba anakhumudwa, koma ndi iyeyo amene anadzapeza njira yochepetsera mafayilo popanda kuwononga maonekedwe a zolemba pa bolodi.

Laputopu yakale ija sitinaitaye. Mnyamata uja anaiikamo SSD yaing'ono ndi Linux yopepuka, ndipo tsopano ili ndi mphunzitsi wina ku Makanjira, amene amakoperapo maphunziro athu n'kumagawira ana amene alibe intaneti. M'gawo lotsatira ndidzafotokoza mmene tinayambira kujambula mafotokozedwe ena m'Chiyao, ndi mkangano umene unabuka pakati pathu pa nkhani imeneyo.