Ana a sukulu akutolera masiginecha ku Chawama

Ndangotsika minibasi ku Chawama, mu Lusaka, madzulo ano, atsikana atatu a giredi 11 n'kundiimitsa, akadali mu yunifolomu, pepala ndi bolopeni zili m'manja. "Amalume, tisainireniko apa." Ndi kalata yopita kwa phungu wathu, yomupempha kuti bajeti ikamakambidwa ku Nyumba ya Malamulo ku Manda Hill akavotere ndalama za maphunziro, asalole kuti zidulidwe. Wamng'ono pa onsewo wandiuza kuti m'kalasi mwawo amapanikizana anayi pa desiki ya anthu awiri, ochedwa amalembera pamaondo. Ndasaina pomwepo, pepala nditatsamiritsa pakhoma la kantemba.

Anawa ndawanyadira kwabasi. Maphunziro aulere atayamba mu Januwale 2022, ana amene ankangoyendayenda m'komboni anabwerera kusukulu, ndipo chaka chomwecho boma linalemba ntchito aphunzitsi oposa 30,000. Zimenezo tinaombera m'manja, koma zipinda zophunzirira ndi zimbudzi sizikukwanabe. Ambiri mwa anawa sanakwanitse zaka 18, voti alibe, komabe akuyenda khomo ndi khomo dzuwa likuswa mtengo. Nanga ife makolo, amene tili ndi makadi ovotera m'zikwama, tinapitako liti kukafunsa kuti ndalama za CDF, zimene boma limapereka zotukulira dera la phungu aliyense, zagula madesiki angati m'dera lathu chaka chino?