Buledi wa mbuu pamwamba

Foni inalira Lolemba ndisanamwe n'komwe tiyi. Anali mayi ena omwe ali ndi bekale pano pa Kasungu boma. "Amisiri, uvuni wanga wafa. Buledi akupserera pansi, pamwamba ali mbuu. Wina wandiuza kuti ndigule maelementi onse atsopano." Maelementi ndi zitsulo zimene zimatenthetsa uvuni. Ndinawapempha kuti asatulutse kaye ndalama. Tsikulo ndinali kuyika mawaya m'nyumba ina ku Chinkhoma, ndiye ndinakafika mawa lake ndi mnyamata amene ndikumuphunzitsa ntchito.

Uvuniwo ndi wa mafezi atatu, kutanthauza mawaya atatu amoto obweretsa magetsi. Magetsi athu kuno amakhala 230 V pakati pa fezi ndi nyutulo, 400 V pakati pa fezi ndi fezi inzake. M'kati muli maelementi 9, iliyonse ya 2 kW, atatu pa fezi iliyonse. Tinazimitsa buleka, n'kupachikapo loko, kiyi ndinaika m'thumba mwanga. Mnyamata uja amaseka ndikamatero, koma mu bekale mumalowa anthu ambiri, ndipo wina akaona kuti magetsi azima amangothamangira kukakweza buleka osafunsa. Ndinayezanso ndi mita kuti nditsimikize kuti mulibedi moto, kenako tinamasula maelementi imodziimodzi.

Masamu ake ndi apafupi. Elementi ya 2 kW pa 230 V iyenera kuonetsa maohmu pafupifupi 26. Ikaduka m'kati, mita siiwerenga kanthu. Onse 9 anaonetsa 26 kapena 27. Mayiwo ankayang'ana manambalawo ngati ndikuwapusitsa.

Titabwezeretsa zonse ndi kuyatsa, ndinakoleka mita yoyezera maampu pa waya uliwonse. Fezi yoyamba 26 A, yachiwiri 26 A, yachitatu zilo. Ndipo maelementi a pamwamba onse ali pa fezi yachitatuyo. Ndisanatsegule n'komwe bokosi la kontakita, swichi imene imayatsa ndi kuzimitsa maelementi yokha, fungo la pulasitiki wopsa linali litandiuza kale. Sikuluwu imodzi inali yolekera. Waya wosamangidwa bwino amatentha pamene wakhudzana ndi chitsulo, kutenthako kumamasulanso sikuluwu, mpaka malo onsewo ada bii ndi kusungunuka. Uvuni umatentha n'kuzizira tsiku ndi tsiku, zitsulo zimafutukuka n'kubwerera, choncho masikuluwu amafuna kukungidwa nthawi ndi nthawi. Apa panalibe amene anawakhudzapo chiugulireni.

Chimene chinandikwiyitsa ndi china. Kumbuyo kuli kathemositati kachitetezo, kamene kamadula magetsi uvuni ukatentha mopyola muyezo. Wina anakalumphitsa ndi kawaya, mwina chifukwa kankadula pafupipafupi. Waya wa themokapo, kachipangizo koyeza kutentha, anaulumikiza ndi waya wamba wa kopa, pomwe umafuna waya wa mtundu wake womwewo, apo ayi nambala imene ikuoneka pa galasi imakhala yabodza. Sindinafunse kuti anachita ndani. Tauni yathu ndi yaing'ono, timakumana pamaliro.

Lachitatu ndinakwera minibasi ya ku Lilongwe, chifukwa kontakita ya saizi imeneyo sindinaipeze kuno. Tsiku lonse linathera pa M1.

Lachinayi ndi limene ndinachita manyazi. Tinamanga kontakita yatsopano, tinadula mbali yopsa ya waya, tinaika kathemositati kena ndi themokapo yatsopano ya mtundu wa K. Titayatsa, mafezi onse atatu anakoka 26 A. Koma nambala ya pa galasi, m'malo mokwera, inayamba kutsika, uku chitseko chikufunda. Ndinazimitsa msanga, chifukwa makinawo akamaona ngati m'kati mukuzizira amangopitiriza kutenthetsa. Mayi aja anafunsa, "Amisiri, zili bwino koma?" Ndinangoti dikirani pang'ono, thukuta lili kamukamu.

Cholakwa chinali changa. Themokapoyo inali ndi waya wachikasu ndi wofiira, ndipo dzanja linangozolowera kuti wofiira ndi pulasi. Pa mathemokapo a ku America, wofiirayo ndiye mainasi. Ndinatenga kamaginito ka pa sikuludilaiva n'kumuonetsa mnyamata wanga: pa mtundu wa K, waya wa mainasi umakokedwa pang'ono ndi maginito, wa pulasi ayi. Njira imeneyi ndimaidziwa kuyambira kale, koma tsikulo ndinafulumira. Iye anangoti, "Bwana, nanunso?" Titasinthanitsa mawayawo, nambala inayamba kukwera bwinobwino mpaka madigiri 220, kontakita n'kudula yokha ndi kaphokoso kake kaja, kha!

Lachisanu ndinalawirira 4 koloko m'mamawa kuti ndione buledi woyamba akutuluka. Anatuluka wofiirira mbali zonse. Uvuni utazizira masana, ndinazimitsanso n'kukunga masikuluwu onse kachiwiri, ndipo ndinalemba tsikulo ndi choko m'kati mwa chitseko cha bokosi, ndi mwezi woti ndidzabwerenso. Pa mtengo tinakanganapo pang'ono. Mayiwo ankati, "Inu mwangosintha kabokosi kamodzi basi." Ndinawaonetsa kontakita yopsa ija, n'kuwakumbutsa za maelementi 9 amene akanagula. Anaseka, analipira, anandiwonjezera mabanzi odzaza jumbo.

Kontakita yopsayo ndinapita nayo kunyumba. Mnyamata wanga akuti aimasula Loweruka kuti aone m'kati mwake.