Kaseti ya agogo a ku Malindi

Benchi yanga ili pafupi ndi msika wa pa Mangochi boma, ukangotsika mlatho wa Bakili Muluzi. Ndimabena nyimbo. Munthu akabwera ndi memori khadi kapena fulashi, ndimamuikira zomwe mtima wake wafuna. Ambiri ndi achinyamata ofuna amapiano ndi za ku Nigeria, ndipo ndiwo amandidyetsa.

Lolemba kunabwera alovi atatu a ku Makawa, anyamata ogwira ntchito ya usodzi. Amafuna Kuimba 1 ndi Kuimba 2 za Evison Matafale, zomvera usiku panyanja akamadikira usipa kuti ubwere pa nyali. Matafale anamwalira mu November 2001, onse atatuwo asanabadwe, koma mmodzi ankaimba motsatira mawu onse ndikuyesa sipika. Lachiwiri magetsi anazima tsiku lonse, ndinangopukuta fumbi pa kompyuta n'kubwerera kunyumba.

Tsiku lomwe sindiliiwala ndi Lachitatu. Agogo ena aamuna anatsika pa kabaza, akuti achokera ku Malindi, atanyamula kanthu kokulunga m'jumbo ziwiri. Atamasula, inali kaseti ya Allan Namoko ndi Chimvu River Jazz Band, chikuto chake chitafwifwa.

"Mwanawe, iyi ndikufuna ilowe m'foni."

Ndinawauza kuti nyimbo za Namoko ndili nazo kale m'kompyuta, zomveka bwino, zopanda phokoso. Anapukusa mutu. Amafuna iyi yomweyi.

Tepi yake inali itatafunidwa ndi wailesi kalekale, yopindika ngati zipota. Ndinamasula tizitsulo tisanu tomangira kasetiyo, ndinadula pomwe panakwinyika kwambiri, n'kulumikiza ndi kachidutswa ka selotepi. Kenako ndinalowetsa bolopeni pabowo n'kumapota pang'onopang'ono mpaka tepi yonse inabwerera. Wailesi ya kaseti ndinakabwereka kwa mnzanga wokonza mawailesi kuseri kwa msika. Itayamba kulira banjo ija ndi mawu a Namoko, bambo wosaona wa ku Thyolo amene anatisiya mu 1995, anthu a mabenchi oyandikana anasiya zomwe amachita. Mayi wogulitsa mandasi anayamba kugwedeza mapewa.

Chakumapeto kwa mbali yachiwiri nyimbo inaduka mwadzidzidzi. Kunamveka mayi akuitana mwana kuti abweretse mbale, nkhuku ikulira chapatali, kenako banjo n'kupitiriza. Wina anadina batani lojambulira mosadziwa zaka zambiri zapitazo.

"Ndi mayi a kunyumba amenewo," anatero agogo. "Anatsogola."

Ndinajambula zonse, phokoso la tepi ndi nkhuku yomwe, osachotsapo kanthu. Ndalama ndinakana. Iwo anandisiyira chimanga chowotcha chomwe anagulira ulendo.

Chimene chimandiwawa n'chakuti makaseti ngati amenewa akuwola m'masutikesi, chinyezi cha kunyanja kuno chikuwadya, pomwe nyimbo zina za nthawi imeneyo sizipezeka pa intaneti. Anthu amati achinyamata safuna zakale, koma ine amene ndimakhala pa benchi ndikuona zina. Mu 2020 Patience Namadingo ataimba ndi agogo Giddes Chalamanda, obadwa mu 1930, ana asukulu ankabwera kudzafunsa Linny Hoo ngati yatuluka dzulo. Akangoimva nyimbo yakale, amaikonda. Vuto ndi pomwe angaimvere.

Lachisanu masana tauni inachita zii anthu atapita ku mzikiti. Chakumadzulo mayi wina anadzabenetsa nyimbo za Lucius Banda zoti atumizire achimwene awo ku Joni. Akuti chimwalirireni Soldier pa 30 June 2024, achimwenewo safuna kumva china akaweruka kuntchito.

Loweruka m'mawa ndikutsegula, ndinapeza kamnyamata kakundidikira ndi katoni. Kanati agogo a ku Malindi akatuma. Munali makaseti 14, ena a Robert Fumulani, ena opanda dzina. Wailesi ija sindinabweze, ndamupempha mnzanga kuti andigulitse.